Lipenga ndi mawu a chikondi pa phwando la ku Harare: bandi, woimba mmodzi, DJ, foni kapena mbale ya galamafoni?

Malume anga a ku Mufakose, muno mu Harare, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40 ali m'banja, anatiitanitsa abale tonse n'kutiuza mawu ochepa. "Za nsima ndi nyama muona nokha. Ine ndikufuna nyimbo zija za munthu woliza lipenga, amene amati akaliza n'kulitsitsa, n'kuyamba kuimba ngati akunong'oneza mkazi wake." Ana awo anangoyang'anana. Ine ndinadziwa zimene ankanena, chifukwa ndinakulira pa khonde lawo: ankanena za Louis Armstrong ndi Chet Baker.

Nyimbozi si zachilendo mumzinda uno. Armstrong anafika kuno mu 1960, Harare akutchedwa Salisbury, ndipo zaka 6 m'mbuyo mwake anali atajambula kale Skokiaan, nyimbo ya August Musarurwa wa dziko lino. Bambo awo a malume anachokera ku Dedza n'kudzagwira ntchito yophika m'nyumba ina ku Highlands, ndipo nyimbozi anazimvera ali kukhitchini, zikulira pabalaza pa abwana. Chet Baker, wobadwa mu 1929, anatulutsa chimbale cha Chet Baker Sings mu 1954 ku Los Angeles, ndipo mawu ake ndi opyapyala, osakuwa, ngati a munthu amene akuopa kudzutsa mwana. Kuno kum'mwera tinali ndi Hugh Masekela wa ku South Africa, amene anamwalira mu 2018, nayenso woliza ndi kuimba.

Tinakhala milungu ingapo tikukangana za njira yobweretsera nyimbozi pa phwando. Zimene ndinaphunzira pa mkanganowo ndi zimene ndalemba pano, kuti amene mukukonza ukwati, chinkhoswe kapena chakudya chamadzulo cha anthu awiri musayambire pomwe tinayambira ife.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi ichi, ndipo chimaposa zonse: nyimbo zamtunduwu ndi zofatsa. Kukoma kwake kuli m'kapumidwe ka woimbayo, m'kasiyidwe kake ka mpata pakati pa mawu. Zikalira pamalo pamene jenereta ikubangula, ana akuthamangitsana ndipo amayi akugubuduza mapoto, zimasanduka phokoso la kumbuyo, ndalama yanu n'kupita pachabe. Ndiye musanafunse mtengo, dzifunseni kuti anthu adzakhala angati, adzakhala m'nyumba kapena m'tenti, ndipo magetsi akazima mudzayatsa chiyani. Inveta ndi batire zimagwira ntchito mwakachetechete. Jenereta ikufuna chingwe chachitali kuti ikakhale kuseri kwa nyumba.

Chachiwiri, mvetserani mawu a nyimbozo. Anthu ambiri amangomva kuti zikulira mokoma n'kuganiza kuti zonse ndi za chikondi chokoma. Pa chimbale cha Baker chija pali nyimbo monga The Thrill Is Gone ndi But Not for Me, zomwe zikunena za chikondi chotha ndi cha munthu wotsalira yekha. Alendo a ku Harare amamva Chingerezi bwino, ndipo azakhali ena sadzalephera kufunsa kuti mukutanthauzanji. La Vie en Rose ya Armstrong ya 1950, kapena zimene anaimba ndi Ella Fitzgerald mu 1956, zimakhala bwino pa gule woyamba wa eni phwando. Stimela ya Masekela isungeni pa nthawi ina. Imatchula sitima yochokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi maiko ena, yonyamula amuna kupita ku migodi ya Johannesburg, ndipo agogo athu ambiri akaimva amangoti zii, maso ali pansi.

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi: mtengo wake wonse kuphatikiza zobisika, kupezeka kwake muno mu Harare, chisamaliro chimene imafuna, ndi zimene zingalakwike.

Bandi yathunthu

Apa ndikunena woliza lipenga, wa kiyibodi kapena piyano, wa besi ndi wa ng'oma.

Mtengo: iyi ndiyo njira yodula kuposa zonse, ndipo mtengo umene mtsogoleri wa bandi angakuuzeni poyamba nthawi zambiri si womaliza. Funsani ngati muli masipika ndi maikolofoni, galimoto yonyamula ng'oma, ndi thiransipoti yobwerera usiku makombi (maminibasi) atatha. Anthu anayi kapena asanuwo adzadyanso. Mugwirizane ndalama yake kuti ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya Zimbabwe yomwe inayamba mu April 2024, ndipo mulemberane pa WhatsApp kuti pakhale umboni. Perekani theka poyamba, lotsala akamaliza. Ngati phwando lili mu holo kapena ku hotela, funsani eni malo za chiphaso cha ZIMURA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, kuti mudziwe kuti wolipira ndani.

Kupezeka: oliza lipenga alipo ndithu. Amachokera m'mabandi a Salvation Army, a polisi ndi a asilikali, ena ku Zimbabwe College of Music, ena anayambira kusukulu monga Prince Edward. Chosowa ndi munthu mmodzi wochita zonse ziwiri bwino. Kawirikawiri mudzapatsidwa woliza lipenga payekha ndi mtsikana woimba payekha. Zimakoma, koma si chimene malume ankafuna. Pamene munthu mmodzi aliza kenako n'kuimba, lipenga limamalizitsa mawu amene pakamwa panasiyira, kapumidwe kake n'kamodzi. Malo amene tinkapezako oimba jazi mosavuta, monga Mannenberg ndi Book Café, anatsekedwa, choncho masiku ano mumafunsira kwa oimba anzawo kapena kupita ku zochitika za jazi za ku Alliance Française kukadzionera nokha. December amakhala wodzaza. November amakhala wopepuka, chifukwa anansi athu achishona ambiri sachita ukwati mwezi umenewo, koma kumbukirani kuti ndi nthawi imene mvula imayamba.

Kusamalira: milomo ya woliza lipenga ndi mnofu, imatopa. Musayembekeze kuti adzaliza maola atatu osapuma ngati wa gitala ya sungura, nyimbo zovina za kuno. Amaimba mphindi 40 kapena 45, n'kupuma, choncho mukonzeretu choti chizilira pa nthawi yopumayo. Mumuikire madzi akumwa pafupi ndi malo a mthunzi. Baker mwiniwake atamenyedwa n'kuwonongeka mano m'zaka za m'ma 1960, zinamutengera nthawi yaitali kuti aphunzirenso kuliza. Zikusonyeza kuti ntchito yonseyi yagona pa kamalo kakang'ono ka pakamwa.

Zoopsa: wa ng'oma ndiye angakuonongereni. Ngati anazolowera kumenya za kutchalitchi kapena za m'mabala, mawu a woimba sadzamveka. Muuzeni abwere ndi maburashi m'malo mwa timitengo. Woliza lipenga naye abwere ndi myuti, kachitsekerero kamene amalowetsa kukamwa kwa lipenga kuti lilire motsika, apo ayi agogo okhala kutsogolo adzatseka makutu. Choopsa china ndi chakuti munthu amene munamuona pa vidiyo akhoza kutumiza mnzake tsiku la phwando. Tchulani dzina lake m'pangano. Ndipo vidiyo imene mupemphe ikhale yojambulidwa ndi foni akuimba pamaso pa anthu, osati ya mu situdiyo. Magetsi akazima, lipenga ndi ng'oma zimapitiriza, koma kiyibodi ndi maikolofoni zimafa, ndipo chotayika ndi mawu aja amene munalipirira.

Woimba mmodzi, kapena awiri

Pali mitundu iwiri apa, ndipo ndi yosiyana kwambiri ngakhale anthu amaiika m'thumba limodzi. Wina amabwera yekha ndi sipika, zoimbira zonse zili mu foni kapena laputopu, iye n'kumaliza ndi kuimba pamwamba pake. Wina amabwera ndi mnzake mmodzi wa gitala kapena kiyibodi.

Mtengo: wotsika kuposa bandi, pa chifukwa chodziwikiratu chakuti olipidwa ndi ochepa ndipo katundu yense amakwana m'galimoto yaing'ono. Kuonjezera munthu wachiwiri kumakweza mtengo, koma mwa ndalama zonse zimene mungaononge pa nyimbo, iyi ndi imene ine sindingaimvere chisoni.

Kupezeka: vuto ndi lomwe lija lopeza woliza amene amaimbanso. Chopepuka n'chakuti mukugwirizanitsa masiku a anthu awiri, osati asanu. Oliza saksofoni oimba pamwamba pa zoimbira za mu foni ndi ambiri m'maukwati a ku Harare, ndiye nenani momveka kuti mukufuna lipenga, chifukwa ena mukangoti jazi amakutumizirani wa saksofoni.

Kusamalira: kupuma ndi madzi, monga pamwambapa. Koma apa katundu yense ali pa munthu mmodzi, choncho musamutalikitsire nthawi. Muikeni pa ola limene anthu akudya ndi pa gule woyamba, basi.

Zoopsa: zoimbira za mu foni sizidikira munthu. Pa maphwando athu, eni phwando akangoimirira kuti avine, nthungululu zimayamba, amayi amathamangira kutsogolo ndi zitenje, perekaniperekani n'kuyambika popanda woitanira. Wa gitala wamoyo amaona zimenezo n'kubwereza kolasi kawiri, katatu, mpaka mbale ya ndalama itadzaza. Laputopu imangofika kumapeto n'kusiya, anthu ali pakati pa bwalo. Gitala yosafuna magetsi ilinso ndi ubwino wina: m'chipinda cha anthu 30, magetsi akazima woimba amangosendera pafupi n'kupitiriza ndi mawu ake enieni. Koma m'tenti ya anthu 200, awiriwa amamira.

DJ

Mtengo: wapakatikati, ndipo umaphatikiza masipika, maikolofoni ya olankhula, ndi nyimbo za tsiku lonse. Mukawerengera ola ndi ola, palibe njira ya anthu olipidwa yotchipa kuposa iyi.

Kupezeka: ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku, kulikonse. Simungayende misewu iwiri osamva za mnyamata amene ali ndi masipika.

Kusamalira: ntchito ili kwa inu isanafike tsiku. Mumupatse mndandanda wa nyimbo ndi mayina a oimba ake, m'ndondomeko imene mukufuna, ndipo mukhale naye pansi mumve kuti wapeza zenizeni. Nyimbo imodzi ya jazi inajambulidwa ndi anthu ambirimbiri, ndipo ngakhale Baker yemweyo anaijambula kangapo. Mawu ake a mu 1954 ndi a mnyamata. A m'zaka za m'ma 1980, atatsala pang'ono kumwalira ku Amsterdam mu 1988, ndi a munthu wotopa ndi moyo. Onse ndi okoma, koma pa ukwati mukufuna oyambawo.

Zoopsa: masipika a DJ wa muno amachunidwa kuti besi izigunda pamtima, chifukwa cha amapiano, Zimdancehall ndi sungura. Mukaikamo nyimbo yojambulidwa zaka 70 zapitazo osasintha kanthu, besi imafufuma n'kuphimba mawu. Muuzeni atsitse besi pa chigawo chimenecho. Vuto lalikulu ndi dzanja ndi pakamwa pake. Pa chinkhoswe cha mlamu wanga ku Glen View, tinapempha nyimbo imodzi yokha yofatsa. Itangolira mphindi imodzi, pamene lipenga limati lilowe, mnyamatayo anatsitsa voliyumu n'kukuwa kuti amene waimika galimoto pa geti akaichotse, kenako n'kulowetsa ina yothamanga chifukwa anaona kuti anthu akhala pansi. Sanalakwe mwadala. Kwa iye bwalo lopanda ovina ndi manyazi. Ndiye mumuuziretu kuti pa mphindi 30 zimenezo kukhala chete kwa anthu ndiye cholinga.

Pali chimene DJ amatha chomwe ena onsewa sangathe. Ikakwana 9 koloko usiku, abale anu adzafuna Alick Macheso, woimba sungura, makamaka zija amaponyamo Chichewa, ndipo palibe lipenga limene lidzawaletse.

Foni kapena fulashi ndi sipika yanu

Mtengo: ngati sipika muli nayo kale, mungolipira bandulo ya deta. Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, inayamba kugwira ntchito mu Zimbabwe mu 2021. Yaulere imalowetsa malonda pakati pa nyimbo ndipo silola kusunga nyimbo mu foni, pamene yolipira pamwezi imalola, koma imafuna khadi lolipirira pa intaneti. YouTube yaulere nayo ndi malonda okhaokha. Anyamata oika nyimbo pa fulashi m'tauni amatchipa, koma eni nyimbo salandirapo kanthu.

Kupezeka: apa palibe mnzake. Nyimbo zonse zimene ndatchula zilipo, ndi zina zambiri. Kwa anyamata a fulashi ndi kosiyana: foda yolembedwa jazi imakhala ndi chilichonse chimene chilibe ng'oma zamphamvu.

Kusamalira: tsitsani nyimbo dzulo lake, osadalira netiweki pa tsikulo. Nyimbo ya MP3 yabwino, ya 320 kbps, imadya pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, ndiye maola awiri safika ngakhale 300 MB. Palibe chifukwa chotengera zopanikizidwa kwambiri zimene zimapangitsa lipenga kulira ngati chitini. Tchajani zonse ziwiri, foni ndi sipika. Mverani mndandanda wonse kamodzi, chifukwa zojambulidwa zakale zimasiyana mphamvu, ina yotsika, yotsatira yokwera.

Zoopsa: foni ikaitana, phwando lonse limamva kuti akuimbayo ndi ndani. Zimitsani netiweki n'kusiya Bluetooth yokha, kapena gwiritsani foni yakale yopanda simu. Bluetooth imayamba kudukaduka mukapitirira mamita pafupifupi 10, ndiye mwini foni asamayende nayo m'thumba kupita kukhitchini. Ndipo musaisiye pamene mdzukulu angaifikire. Fulashi yochokera mumsewu ikhoza kubweretsa vairasi mu kompyuta yanu.

Mbale za galamafoni

Ndivomere kuti njira iyi ndimaikonda kuposa mmene nzeru zimalolera.

Mtengo: wosaoneka poyamba. Mbale yakale payokha ikhoza kutchipa, koma mukufuna choimbira chake, ampulifaya ndi masipika. Ma radiogram, mawailesi aja okhala ndi choimbira mbale, amene ali m'nyumba za agogo ambiri anasanduka matebulo oikapo maluwa apulasitiki, ndipo kuwadzutsa kumafuna singano yatsopano, mwina lamba, ndi katswiri woleza mtima. Zipangizozi kawirikawiri mumaitanitsa kwa wachibale wa ku Johannesburg. Mbale zatsopano za zimbale zakalezi zikupangidwabe kunja, koma mukaphatikiza kutumiza, imodzi imadula kuposa miyezi ingapo ya kumvera pa foni.

Kupezeka: ndi mwayi. Mukhoza kufufuza pa msika wa zakale wa ku Avondale, kumalo ogulitsa katundu wa m'nyumba pa okushoni, kapena m'masutikesi a akuluakulu. Mudzapeza Jim Reeves wambiri, nyimbo za kwaya ndi zakuno. Armstrong amapezeka mwa apo ndi apo. Baker ine sindinamupezepo pa tebulo la pamsika.

Kusamalira: mbale zimaimikidwa chilili, sizisanjikizidwa. Zimadana ndi dzuwa, ndipo kutentha kwa October m'nyumba ya malata, kapena ola limodzi pa mpando wa galimoto, kumazipinda osabwereranso. Fumbi la August ndi September limalowa m'mizere, choncho pukutani musanaike singano, ndipo gwirani m'mphepete. Mbali imodzi imalira mphindi pafupifupi 20, kenako wina adzuke akatembenuze.

Zoopsa: singano yotha imaononga mbale pang'onopang'ono inu osadziwa. Wina akagunda tebulo imadumpha n'kusiya chipsera chimene mudzachimva moyo wonse. Pansi pa simenti pa nyumba zathu za kumalokeshoni pamathandiza, chifukwa sipagwedera ngati pa matabwa. Koma pa gulu lalikulu, lomwa, mbale yosowa isatuluke m'kabati.

Ndiye iti kwa ndani?

Ngati ndi ukwati wa mu holo kapena ku hotela, anthu opitirira 100, ndipo thumba likulola, tengani bandi yathunthu pa nthawi ya chakudya ndi gule woyamba, DJ n'kutenga usiku. Ngati thumba likukana kunyamula zonse ziwiri, siyani bandi, tengani DJ, koma mumupatse mndandanda ndipo muike wachibale mmodzi wolimba mtima pafupi naye.

Chinkhoswe kapena phwando la pabwalo m'lokeshoni, la tenti ndi jenereta, musavutike ndi woimba wamoyo. Mawu ake adzatayika. Sankhani nyimbo zitatu kapena zinayi za Armstrong, amene mawu ake okhakhala amapyola phokoso kuposa a Baker, DJ aziike anthu atakhala pansi ndi mbale za chakudya m'manja.

Pa chakudya cha anthu awiri kunyumba, kapena pofunsira mbeta, foni yopanda simu ndi sipika yotchaja zakwana. Amene muli kale ndi choimbira mbale chogwira ntchito komanso inveta, uwu ndiye usiku wake.

Pa anthu 30 mpaka 50 m'nyumba kapena pakhonde lotchingidwa, makamaka ngati eni phwando ndi achikulire amene adzamvetseradi, funani woliza lipenga woimba ndi mnzake wa gitala. Ndi zimene tinachita kwa malume. Tinamupeza kudzera kwa mkulu wina wa kwaya kutchalitchi kwathu, patatha milungu itatu tikufunsa. Anaimba kawiri, mphindi 40 ulendo uliwonse, myuti ili kukamwa kwa lipenga, ndipo pakati pake tinaika foni. Pa nyimbo yachitatu malume anadzuka, n'kukonza jekete, n'kutambasulira dzanja akazi awo. "Tiyeni mayi, mawondo akadalola." Wa gitala anabwereza kolasi kanayi.